Tinamulirira Nasula, nanga mayi wa ku Shikabeta?

Aliyense amene anaphunzirapo Literature ku sekondale amaudziwa mndandanda uja: umphawi, ziphuphu, kuponderezedwa kwa amayi, kulimbana kwa mwambo ndi mpingo, kumudzi ndi m'tauni. Pamayeso timati ma theme. Ife aphunzitsi timawalemba pa bolodi, ana amakopera m'makope, ndipo amene waloweza bwino amakhoza. Palibe cholakwika pamenepo. Mayeso ndi mayeso, ndipo satifiketi imafunika. Koma pali funso limodzi limene silibwera pa pepala la mayeso, chonsecho ndi limene limatsala buku likatha. Munthu akawerenga za mavuto a mnzake, mtima n'kumuwawa, kodi watsala ndi ngongole? Kapena chisoni chimene wamvacho ndiye malipiro onse, akatseka buku nkhani yathera pomwepo?

Funsoli tiliyese pa buku limene ambiri a inu munaligwirapo.

Mu 2000 Binwell Sinyangwe anatulutsa A Cowrie of Hope. Ndi nkhani ya Nasula, mayi wamasiye wa kumudzi kumpoto kwa Zambia, wosaphunzira, amene ali ndi mwana mmodzi yekha dzina lake Sula. Mwamuna wake atamwalira, achibale a mwamunayo anatenga chuma chonse n'kumusiya chimanjamanja. Sula wakhoza mayeso ndipo pakufunika ndalama kuti apitirize sukulu. Ndi zaka za m'ma 1990, nthawi imene makampani a boma ankagulitsidwa, anthu ankachotsedwa ntchito, ndipo Edzi inkapululutsa mabanja. Chuma chimene Nasula ali nacho ndi thumba limodzi la nyemba. Alinyamula ulendo wautali mpaka ku Lusaka chifukwa wamva kuti kumeneko mtengo uli bwino. Pamsika pafika mwamuna wooneka waulemu, Gode Silavwe. Agwirizana mtengo, thumba lichoka, munthu uja azimiririka osasiya ngakhale ngwee.

Kalasi ikafika pamenepo imakhala zii. Ngakhale anyamata a kumbuyo aja, amene amaseka chilichonse, amayang'ana pansi. Atsikana ena amapukuta m'maso. Chisonicho n'chenicheni, palibe amene akunamizira.

Tsopano tsekani buku muyang'ane kum'mawa. Ukachoka mu Lusaka pa Great East Road, n'kudutsa Chongwe, umalowa m'boma la Rufunsa, limene linapatulidwa ku Chongwe nthawi ya Pulezidenti Michael Sata. Kumpoto kwa msewu waukuluwo, kuseri kwa mapiri cha ku mtsinje wa Lunsemfwa, kuli dziko la Mfumukazi Shikabeta, mmodzi wa mafumu a Asoli a m'bomalo pamodzi ndi a Mpanshya ndi a Bunda Bunda. Anthu amenewa tili nawo m'chigawo chimodzi cha Lusaka. Komabe ambiri a ife timadziwa misewu ya ku Johannesburg ndi Dubai, imene timaiona pa foni, kuposa njira yopita ku Shikabeta. Ifeyo sitipitako, koma midzi ya ku Rufunsa imabwera kwa ife tsiku ndi tsiku, m'matumba a chimanga, a nshawa ndi a malasha.

Tiyerekeze mayi wochokera kumeneko. Wafika pa Soweto Market m'bandakucha ndi matumba awiri a nshawa. Chinyanja chake chikumveka Chisoli. Mtengo wa lero saudziwa. Alibe pogona mu Lusaka, choncho ayenera kugulitsa lero lomwe, ndipo ndalama yobwererera kwawo ili m'matumba omwewo. Mwina munena kuti vuto la Nasula linatha, popeza kuyambira mu Januwale 2022 sukulu za boma salipiritsa fizi mpaka Giredi 12. Zoonadi fizi inachoka, ndipo ichi n'chinthu chachikulu. Koma yunifomu, nsapato, makope ndi zakudya za mwana amene sukulu ya sekondale ili kutali ndi mudzi wake, zonsezi zimachokerabe m'thumba la nshawa. Aliyense wozolowera msika amamuwerenga mayiyu m'kamphindi kochepa, n'kudziwa kuti dzuwa likamapendeka adzalola mtengo uliwonse. Pakati pa ogulawo pali mnyamata uja anayang'ana pansi m'kalasi, watumidwa ndi amayi ake kukaoda nshawa za pa kantemba. Kodi amuzindikira Nasula akamuona ali wamoyo?

Chisoni chotsika mtengo

Vuto limeneli si lathu tokha, komanso si la lero. Cha m'ma 400, Augustine, mwana wa kumpoto kwa Africa, analemba m'buku lake la Confessions za masiku amene anali wophunzira ku Carthage, wokonda masewero kwabasi. Anadabwa kuti munthu amapitiranji dala kukafuna chisoni, moti sewero likapanda kumuliritsa amatuluka atakhumudwa. Chimene iye anaona n'chakuti woonera sewero saitanidwa kuti athandize munthu, amaitanidwa kuti angomva chisoni. Mu 1890 William James wa ku America, katswiri wa za maganizo a anthu, anapereka chitsanzo chowawa kuposa apa: mayi wolemera wa ku Russia akulira m'nyumba ya masewero chifukwa cha anthu opeka, pamene woyendetsa ngolo yake akuuma ndi chisanu panja, akumudikira. Nkhawa ya James inali yakuti mtima umazolowera. Ukamva chisoni kambirimbiri osachitapo kanthu, umaphunzira kuti chisoni ndi chinthu chongomva, ngati nyimbo.

Tivomereze kuti anthu awiriwa anagwira mfundo. Nasula wa m'buku ndi wosavuta kumukonda. Sadzagogoda pakhomo pako usiku kupempha pogona. Sadzakupempha ndalama ya basi. Komanso wolemba watitsegulira mtima wake, tikudziwa chimene akuopa, chimene akulota, ndi chifukwa chake akukakamira mtengo. Mayi wa pa Soweto amabwera wopanda womufotokozera. Timangoona chitenje chofumbwa, mapazi afumbi ndi munthu amene akuchedwetsa malonda. Chifundo cha m'buku sichitidula kanthu, mwinanso chimatilipira, chifukwa timatseka buku tikudzimva kuti ndife anthu abwino.

Ena adzayankha kuti mabuku anasinthapo dziko. Adzatchula Charles Dickens, amene Oliver Twist wake, wotuluka pang'onopang'ono kuyambira 1837 mpaka 1839, anaonetsa anthu a ku England nkhanza za m'nyumba zosungiramo amphawi pansi pa lamulo la 1834. Adzatchula Harriet Beecher Stowe ndi Uncle Tom's Cabin ya 1852, imene inautsa mitima ya ambiri pa nkhani ya ukapolo. N'zoona, mabukuwa anagwedeza anthu. Koma nyumba za amphawi zija zinakhalapobe zaka makumi ambiri Dickens atalemba, ndipo ukapolo ku America unatha mu 1865, pambuyo pa nkhondo yokhetsa magazi ochuluka. Kuno kwathu, mu 1989 tinakhazikitsa lamulo la chuma cha masiye, Intestate Succession Act, lakuti munthu akamwalira osasiya wilu ana atenge magawo 50 pa 100, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndipo odalira malemuyo 10. Patapita zaka 11, Sinyangwe anali akulembabe za mayi wolandidwa zonse, ndipo palibe wowerenga amene anati izi n'zamakedzana. Dziwaninso kuti lamuloli silikhudza malo a mafumu, amene ndiwo chuma chenicheni cha mayi wa ku Shikabeta. Ngati lamulo, lokhala ndi makhoti ndi apolisi kumbuyo kwake, limalephera kusintha mitima, buku lokha lingathe bwanji?

Apa wina akhoza kutaya mtima n'kunena kuti kuwerenga nthano n'kungotaya nthawi. Ine ndikuti ayi, koma kuti tione chifukwa chake tiyenera kubwerera m'mabukumo n'kufufuza munthu amene mndandanda wa pa bolodi uja umamuiwala.

Munthu amene timamuiwala

Tengani Things Fall Apart ya Chinua Achebe, ya 1958. Tonse timakumbukira Okonkwo akutema Ikemefuna, mnyamata amene anakhala m'nyumba mwake zaka zitatu n'kumamuitana kuti atate. Pamayeso timalemba kuti Okonkwo ankaopa kuoneka wofooka. Koma m'nkhalango muja Okonkwo sanali yekha, panali gulu la amuna. Nkhalamba Ezeudu inamuchenjeza kuti asatengeko mbali, koma sinanene kuti mwanayo asaphedwe. Obierika, bwenzi la Okonkwo, munthu woganiza bwino kuposa onse m'bukumo, anakana kupita nawo, anatsala kunyumba, ndipo mwana anaphedwabe. Obierika yemweyo analola kuti ana ake amapasa atayidwe, ndipo anali m'gulu limene linagumula nyumba za Okonkwo, kenako n'kukhala pansi kudzifunsa chifukwa chake zinthu zili chonchi. Achebe sanamulembe ngati munthu woipa. Anamulemba ngati munthu wanzeru amene nzeru zake zimafika zinthu zitachitika kale. Ambiri a ife sitili Okonkwo. Ndife Obierika.

Bwerani pafupi ndi kwathu. Mu 1971 Dominic Mulaisho anatulutsa The Tongue of the Dumb. Mulaisho anabadwira ku Feira, kumene lero timati Luangwa, boma loyandikana ndi Rufunsa, ndipo pambuyo pake anadzakhala bwanamkubwa wa Bank of Zambia. Nkhani yake ili m'mudzi wa mfumu Mpona nthawi ya atsamunda. Mudzi wagwa m'mavuto otsatizana, anthu ali ndi mantha, ndipo Lubinda, nduna yolakalaka ufumu, aona mpata. Aloza chala mayi wina dzina lake Natombi, kenako mfumu yomwe, kuti ndi mfiti. Pakati pa zonsezi pali Mwape, mwana wosalankhula. Timakonda kunena kuti bukuli likukamba za mwambo ndi chikhristu, ndipo mfundoyo ilimodi. Koma dzifunseni kuti Lubinda yekha akanatha kuchita chiyani. Munthu mmodzi sangazenge mfumu mlandu wa ufiti. Pamafunika mudzi wonse, anthu amene amamudziwa Natombi, amene anadya naye, amene mumtima akukayika koma pakamwa atseka. Ndiye wosalankhula m'bukumo ndani? Kamwana kaja, kapena akuluakulu onse amene lilime ali nalo koma alimeza?

Mabuku atsopano nawonso akuloza komweko. Kwa Nasula wakuba ndi mmodzi, koma chimene chimamupatsa mphamvu wakubayo ndi mzinda wonse: anthu amene amamudziwa koma amamuopa, wapolisi amene alandira ndalama n'kumumasula, ndi onse olangiza mayiyo kuti aiwale, abwerere kwawo. Nkhani imatembenuka pokhapokha wina atakana kuyang'ana kumbali, mkulu wa apolisi amene amumvetsera mpaka kumapeto. Mu 2019 Mubanga Kalimamukwento anatipatsa The Mourning Bird, nkhani ya Chimuka ndi mlongo wake Ali, ana a m'banja wamba la mu Lusaka amene makolo awo atamwalira athawa nkhanza za achibale n'kukathera mumsewu. Ana otere timawadziwa. Ndi aja amatambasula dzanja pamaloboti, ife tili m'minibasi tikuyang'ana foni. M'buku limeneli owerenga tilimo, kungoti sitinatchulidwe maina. Ndife aja odutsa.

Choncho ulusi umene ukulumikiza mabuku akale ndi atsopano si kumudzi ndi m'tauni ayi. Mudzi wa Mpona unali ndi oonerera ake, Lusaka wa Chimuka ali ndi ake. Mavuto amasintha zovala, dzulo atsamunda ndi njala, lero ziphuphu ndi ana a mumsewu, koma khamu loima chete lija silisintha.

Amene akuganiza kuti izi n'za m'mabuku mokha akumbukire miyezi yoyamba ya 2020. Mphekesera za anthu opopera mankhwala m'nyumba usiku zinayambira ku Copperbelt n'kufalikira dziko lonse. M'makomboni anthu sankagona. Anthu makumi angapo anaphedwa ndi magulu, ena kutenthedwa, pongowaganizira, ndipo ena mwa iwo anali alendo amene anangopezeka pamalo pamene sankadziwika. Oponya miyala anali ochepa poyerekeza ndi ozungulira. Ambiri anangoima, ena atakweza mafoni m'mwamba, ndipo zithunzi zinayenda pa WhatsApp ndi Facebook usiku womwewo. Chimodzimodzinso nkhani ya ufiti: lamulo la Witchcraft Act, lochokera mu 1914, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, komabe agogo akupirikitsidwabe m'midzi ndi m'makomboni. Mudzi wa Mpona sunathe. Unangogula foni.

Mpando wa wowerenga

Taonani tsopano chimene buku limachita. Wowerenga, mwa chikhalidwe chake, ndi woonerera. Sungafuule kuti Ikemefuna athawe. Sungagwire Nasula pamkono n'kumunong'oneza kuti asapereke thumba asanaone ndalama. Wolemba amakukhazika dala pakati pa khamu, manja atamangidwa, kuti ulawe kuwawa koona choipa chikubwera iwe osatha kuchitapo kanthu. Kuwawa kumeneko n'kumene Augustine anakuona kuti n'kopanda chipatso, ndipo kukathera pa tsamba lomaliza n'kopanda chipatsodi. Koma pali kusiyana kumodzi pakati pa khamu la m'buku ndi la pamsika: kunja kwa buku manja ako ndi omasuka, ndipo lilime limagwira ntchito.

Pali nthano yakale imene ambiri tinaimva tili ana, ya mneneri Natani ndi mfumu Davide. Davide watenga mkazi wa msilikali wake Uriya, n'kukonza zoti Uriyayo aphedwe kunkhondo. Natani sanafike ndi mlandu, anafika ndi nthano: munthu wolemera, wa ziweto zambirimbiri, analanda kamwana ka nkhosa kamodzi kokha ka mmphawi kuti aphikire mlendo. Davide anapsa mtima ngati mmene ife timapsera mtima Gode Silavwe, n'kugamula chilango. Pamenepo Natani anamuuza kuti munthuyo ndi iye mwini. Nthanoyo sinamuphunzitse Davide kuti kulanda n'koipa, ankadziwa kale. Inangomuchititsa kugamula mlandu asanadziwe kuti ndi wake. Buku labwino lililonse ndi msampha wotere. Umaweruza momasuka chifukwa ukuganiza kuti nkhaniyo ndi ya ena, ndipo chigamulo chako chimatsala chikukudikira.

Apa ndiye pali yankho langa pa funso lija. Buku silisandutsa munthu kukhala wabwino, ndipo pali anthu owerenga kwambiri amene ndi ankhanza. Chimene buku limachita n'kukulanda chowiringula. Usanawerenge ukanatha kunena kuti sindinkadziwa zimene zili m'thumba la nyemba. Utawerenga ukudziwa kuti muli sukulu ya mwana, muli chaka chonse cha khasu. Wasanduka mboni. Ndipo pabwalo la milandu kwathu, munthu amene anaona zonse n'kukhala chete sawerengedwa ngati amene kunalibe. Ngongole ya wowerenga ndi ngongole ya mboni.

Nanga ife amene tilibe?

Ndikudziwa chimene wowerenga wa ku Kanyama, Chawama kapena George akufuna kundifunsa. Aphunzitsi, mukulankhula ngati ndife mayi wolemera wa ku Russia uja. Ife tilibe ngolo. Amayi athu akapanda kunenerera mtengo wa nshawa, pa kantemba sipatsala phindu, ndipo usiku tigona ndi njala. Funsoli n'lolemera, ndipo siliyenera kuyankhidwa ndi ulaliki.

Chaka cha 2024 chinationetsa kulemera kwake. Mvula inakana, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo mbaula inalowa ngakhale m'nyumba zimene zinali zitaiiwala. Kumudzi, munthu amene chimanga chake chinauma m'munda anayang'ana mitengo. Thumba limodzi la malasha lili ndi mmphawi kuno ndi mmphawi uko. Mayi wa ku Mtendere sangadyetse ana mpunga wosaphika kuti nkhalango za ku Rufunsa zipulumuke, ndipo bambo wowotcha malasha sangadyetse ana ake mthunzi. Wonena kuti awiriwa ndiwo olakwa sanawerenge bwino. Mlandu waukulu uli kwa amene ali ndi mphamvu yokonza misewu, magetsi ndi misika, ndipo mabuku omwewa amatiphunzitsa kuwafunsa amenewo.

Koma kukhala mmphawi sikuchotsa munthu m'khamu. Anthu a m'mudzi wa Mpona anali amphawi. Ozungulira moto mu 2020 anali amphawi. Ngongole ya mboni salipira ndi ndalama zokha, ndipo aliyense amafunsidwa malinga ndi chimene chili m'manja mwake.

M'manja mwathu muli kusiyanitsa kunenerera ndi kudyera munthu masuku pamutu. Kunenerera ndi mwambo wa msika, ndipo kumakoma pamene onse awiri akudziwa mtengo ndipo aliyense akhoza kuchoka. Koma kumuuza mlendo kuti mtengo wagwa ukudziwa kuti sunagwe, kumuyezera ndi meda yokulitsidwa, kumusunga dala mpaka madzulo kuti mantha a mdima amugonjetse, kumeneko ndi kuchita za Gode Silavwe pang'onopang'ono. Kumunong'oneza mayi uja mtengo weniweni wa lero sikudula ngwee. Ndipo kumbukirani chinthu chimodzi chimene misozi yathu imaphimba: Nasula sanapite ku Lusaka kukapempha. Anapita kukagulitsa. Sankafuna kuti wina amumvere chisoni, ankafuna mtengo wa nyemba zake. Chimene tili nacho ngongole kwa iye ndi chilungamo, ndipo chilungamo n'chovuta kuposa chifundo chifukwa sichikusiya uli pamwamba pa mnzako.

M'manja mwathu mulinso lilime. Sindikunena kuti mudziponye pakati pa gulu lolusa. Nthawi zambiri chofunika n'chaching'ono kuposa pamenepo, ndipo chimabwera mwala woyamba usanaponyedwe: kufunsa kuti waona ndani, kuitana akuluakulu kapena apolisi, kukana kutumiza uthenga wa mphekesera ku gulu la WhatsApp, kuuza kondakitala kuti amayiwo chenji chawo sichinakwane. Khamu limakhala lodzaza ndi a Obierika, aliyense akukayika payekha, aliyense akudikira kuti wina ayambe. Liwu loyamba ndilo limavuta, lachiwiri ndi lachitatu amabwera okha. Makolo anati chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Amene amakhala m'komboni amadziwa kuti tsiku lina nayenso adzakhala mlendo m'dera la eni, usiku, wopanda womudziwa.

Pomaliza, m'manja mwa inu amene mumalemba muli cholembera. Musalembe Shikabeta ngati paradaiso wa anthu osalakwa. Oyamba kumubera Nasula sanali a m'tauni, anali apabanja pake. Musailembenso ngati dziko la mdima loyembekezera kuti ife ophunzira tikaliwalitse. Ndi malo a anthu, okhala ndi mfumu yawo, milandu yawo, nthabwala zawo ndi achinyamata ofuna foni yabwino ngati inu. Ndipo pali chinthu china choti ife olankhula Chinyanja tichiganizire. Timadandaula kuti Chingerezi chimapondereza chilankhulo chathu, ndipo n'zoona. Koma Chinyanja chili m'gulu la zilankhulo 7 zimene boma linasankha kuti ziziphunzitsidwa m'sukulu, pamene Chisoli mulibe. Lusaka, amene anakhala likulu mu 1935, anamangidwa m'dera limene Asoli ankakhalamo kalekale, komabe mwana wa Chisoli amaphunzira kuwerenga m'chilankhulo chathu, ndipo pa mndandanda wa mabuku a mayeso sapezapo la chilankhulo cha agogo ake. Pa nkhani iyi wamkulu ndife. Ngati tikufuna kumva za ku Shikabeta, njira yaulemu si kuwalankhulira, koma kuwapatsa malo m'magazini ngati ino kuti alembe okha, m'Chinyanja kapena m'Chisoli, ife n'kuphunzira kumvetsera.

Pitirizani kuloweza ma theme, mayeso akubwera ndipo ndikufuna mukhoze. Koma mukamaliza buku lililonse, lakale kapena latsopano, musangofunsa kuti woipa ndani, wabwino ndani. Fufuzani amene anaima pambali. Werengani kuti analipo angati, ankadziwa chiyani, ndi nthawi iti imene mawu amodzi akanakwanira. Mukawapeza, yang'anani bwino pamene aima. Mawa m'mawa malole a ku Rufunsa adzakhala atafika kale pa Soweto, ndipo malo amenewo adzakhala anu.